Nyumba ya m'phiri ili pa malonda, koma chokwera mtengo ndi pepala

Amayi ndi abambo a pamsika, sabata ino tiyeni tisiye kaye za mtengo wa tomato ndi ziphaso za akhonsolo, tikambe za katundu amene sakwana pa benchi. Ku Zomba, m'munsi mwa phiri muja, nyumba zakale za atsamunda zimatuluka pa malonda imodziimodzi. Chilengezo chake mumachipeza pa tsamba la Chingerezi, ndipo mawu ake amakhala omwewomwewo ngati ma ejenti anachita kubwerekana: nyumba yapamwamba, ya mbiri yakale, ya banja, yoonera phiri. Kenaka amatchula zipinda zogona zinayi kaya zisanu, khonde lozungulira, malo oothera moto pa balaza, kapinga, mitengo ya jakaranda, ndi boizikota kumbuyo. Mtengo? Kawirikawiri salemba, amangoti muimbe foni. Inu mukudziwa kale kuti wamalonda akabisa mtengo ndiye kuti akufuna ayambe waona kaye nsapato zimene mwavala.

Wina anena kuti, nanga ife ogulitsa kaunjika, usipa ndi makala zikutikhudza bwanji? Ndalama yoteroyo tingaione kuti? Zoona, ambiri a ife sitidzagula nyumba imeneyi ngakhale titasonkha msika wonse wa Limbe ndi wa Ndirande pamodzi. Koma kuona katundu n'kwaulere. Ndipo palibe munthu wodziwa kusanthula katundu kuposa inu. Mayi woda belo amadziwa kuti za pamwamba zimakhala zokongola, nkhani imakhala pakati. Tiyeni nyumba iyi tiitsegule ngati belo, tione chimene wogula akulipira kwenikweni.

Tiyambe ndi mawu akuti ya mbiri yakale. Apa ejenti sakunama. Zomba inakhala likulu la atsamunda kuyambira mu 1891, pamene Harry Johnston anakhazika boma lake kumeneko, ndipo inakhalabe likulu mpaka mu 1975 pamene Kamuzu anasamutsira likulu ku Lilongwe. Nyumba ya Masongola, imene pambuyo pake inasanduka hotela, inamangidwa mu 1886 ndi a Buchanan, ndipo Johnston yemweyo anakhalamo. Azungu anakonda Zomba chifukwa cha mphepo yozizira ndi madzi a Mulunguzi otsika m'phiri chaka chonse. Motero mabwana a boma anamanga nyumba zao chokwera phiri. Mukulu wa udindo, m'mwambanso mwa nyumba. Anthu akuda, amene anali eni dera, malo ao anali kumunsi.

Tsono mbiri imene akugulitsayo ndi theka chabe. Chilengezo sichinena amene anaumba njerwa, amene anazisenza pa mutu kukwera nazo chitunda, ndi amene anacheka matabwa. Anali agogo athu. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linaika msonkho wa nyumba wa mashilingi atatu. Taganizani, kanyumba ka udzu n'kamene kankakhoma msonkho, ndipo kuti munthu apeze mashilingiwo ankayenera kukagwira ntchito kwa mzungu. Amene anapezeka kuti akukhala pa esiteti ankagwira thangata, ntchito ya m'malo mwa lendi pa dothi limene makolo ao analima. Mkwiyo wa thangata ndi umodzi mwa zimene zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo thangatayo inadzatha mwa lamulo mu 1962, ufulu uli pafupi. Choncho mukamva kuti makoma ake ndi okhuthala, sanang'ambike zaka zonsezi, dziwani kuti akuyamikira manja a anthu amene maina ao sanalembedwe pena paliponse.

Palinso za matabwa. Nyumba zambiri zakale anaikamo mkungudza, mtengo wonunkhira uja umene chiswe chimaopa. Lero mkungudza wa m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu chifukwa chodulidwa mosasamala ndi moto wa m'tchire. Ndiye wogula nyumba yotere akugulanso chinthu chimene pa msika wa matabwa simungachipeze mwachilungamo.

Koma ukalamba uli ndi zake. Nyumba ya zaka 80 kapena 100 ili ngati minibasi yakale yopakidwa penti watsopano. Malata anachita dzimbiri pa misomali, mawaya a magetsi ndi a nthawi ya Federeshoni, mapaipi anatsekeka, ndipo m'denga muli mileme. Amene amagula amayamba ndi kulowetsa ndalama zina zambirimbiri asanagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndiye ngati njerwa ndi zakale, denga likudontha, mtengo wokwerawo ukuchokera kuti? Sungani funso limeneli.

Mawu achiwiri ndi akuti yoonera phiri. Iyi ndiye imandiseketsa. Phiri la Zomba ndi lalitali kuposa mamita 2,000, ndipo limaoneka kwa aliyense, wa ku Chinamwali, wa ku Matawale, wa ku Chikanda, ngakhale wandende wa ku Zomba Central. Palibe amene analipirapo tambala kuti alione. Koma likangolowa m'chilengezo, phiri lomwelo limasanduka katundu. Anthu olemera anayamba kale kugulitsana maso. Pamwamba pa phiri pali malo otchedwa Queen's View, pokumbukira mai a Mfumukazi ya ku Mangalande amene anafika mu 1957, ndi Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965. Mai amene amatsika ndi mtolo wa nkhuni m'bandakucha, ndi mnyamata wogulitsa mabulosi ndi mbatata pa msewu wopita ku Ku Chawe, amadutsa pa malo okongola omwewo tsiku ndi tsiku, koma palibe mwala umene unatchedwa dzina lao.

Kuona phiri ndi kukhala m'phiri ndi zinthu ziwiri zosiyana. Akuluakulu a ku Zomba amakumbukira Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola milatho, nyumba ndi anthu. A ku Phalombe amakumbukira Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linachita chimodzimodzi. Ndipo tonse tikukumbukira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche mu Blantyre, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ambiri mwa amene anakwiririka ku Soche anali anthu ngati ife: mavenda, alonda, a kabaza, amayi a zitumbuwa. Iwonso nyumba zao zinali zoonera phiri. Kusiyana kwake n'kwakuti mzungu anasankha malo ake mosafulumira, pa chitunda cholimba, anakumba maziko akuya ndi ngalande za madzi. Mnzathu wa ku Soche anamanga pamene anapeza, m'khwawa, pa malo amene anagula ndi mawu a pakamwa chifukwa kumunsi lendi inamukanika.

Ndiye ngati pali wina mwa inu amene akusunga ndalama za chipeleganyu kapena za banki m'khonde kuti agule poloti, mawu ndi awa: poloti yotchipa ya m'mbali mwa phiri muziyamba mwaifunsa kuti madzi a mvula amadutsa pati. Funsani anthu akale a pamalopo, osati wogulitsa. Safunsa anadya phula.

Mawu achitatu ndi akuti ya banja. Banja liti? M'nyumba zimenezi munkakhala mabanja awiri. Lina linkagona kutsogolo, m'zipinda za mawindo akuluakulu. Lina linkagona kumbuyo m'boizikota, chipinda chimodzi, khukhi ndi mkazi wake ndi ana, chimbudzi cha panja. Bambo wa imvi ankatchedwa boyi ndi kamwana ka zaka zisanu. Ufulu utabwera mu 1964 mabwana anasintha khungu, koma boizikota inatsala pomwepo, ndipo mpaka lero ili m'chilengezo ngati chimodzi cha zokometsera malonda. Ena mwa inu munabadwira m'maboizikota amenewa. Mukanena kuti kwathu ndi ku Zomba kumayadi simukunama, koma pa tsiku logulitsa dzina lanu silimveka.

Nanga banja la kutsogolo likugulitsiranji? Zifukwa zake sizisiyana ndi zathu. Bambo anamwalira, ana anabalalika, wina ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, wina ku Manchester. Palibe amene akufuna kubwerera kudzalimbana ndi denga lodontha, kulipira mlonda ndi msonkho wa khonsolo. Nyumba sungaidule pakati ngati chinangwa, koma ndalama zimagawika. Ndiye amagwirizana, amaitana loya ndi ejenti, basi chilengezo chatuluka. Ndipo ambiri amafuna mtengo wa madola kapena wotsatira dola. Musawadabwe. Kwacha inasiyidwa kuti iziyandama mu 1994, inagwetsedwa kwambiri mu Meyi 2012, inatsikanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Inu amene mumaoda katundu ku Tunduma ndi ku Joni munamva kuwawa kwake pa thumba. Mwini nyumba naye amawerenga masamu omwewo.

Tsopano tibwerere ku funso lija. Njerwa ndi zakale, phiri ndi la Mulungu, banja linabalalika. Chimene chikukweza mtengo n'chiyani? Ndi pepala, abale anga. Nyumba imeneyi ili ndi nambala ya poloti, ili ndi mapu a malire ojambulidwa ndi a saveya, ili ndi dzina la mwini m'kaundula wa ku Unduna wa Malo. Wogula atha kutuma loya kukafufuza kuti mwini ndani, kaya nyumbayo ili pa chikole ku banki, ndiponso ngati ndi ya lizi, kuti zatsala zaka zingati. Akakhutira amalipira mtima uli m'malo. Banki nayo imabwereketsa ndalama poona pepala lomwelo.

Azungu anazindikira zimenezi pachiyambi pomwe. Atafika anapatsa mafumu nsalu, mikanda ndi mfuti, koma sanakhutire ndi kugwirana chanza. Kuyambira mu 1892 Johnston anayamba kuwapatsa zikalata zotchedwa Certificate of Claim, ndipo zikalata zimenezo zinaphimba maekala oposa mamiliyoni atatu a dziko lino. Mafumu ankaona ngati abwereka mlendo pogona. Mlendo anali ndi pepala. Mafumu aja anamwalira, mboni zinamwalira, mikanda inatayika, koma pepala linatsala, ndipo mavuto a malo amene timamva ku Thyolo ndi ku Mulanje mpaka lero mizu yake ili pamenepo. Sindikuyamikira kuba kumeneku, iyayi. Ndikungoti tione chida chimene anagwiritsa ntchito, chifukwa chida chimenecho lero tikhoza kuchigwira ifenso.

Tayang'anani kwathu. Mai wagulitsa nyemba ndi mpunga zaka 20, wadzuka folo koloko tsiku lililonse, wamanga nyumba ya zipinda zitatu ku Bangwe, ku Mtandire kapena ku Chinsapo, malata atsopano, simenti pansi, mpanda wa njerwa. Kunena zoona nyumba yake mwina ndi yolimba kuposa chikalamba cha ku Zomba chija. Koma mufunseni pepala. Akutulutsirani kapepala kong'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu, kolembedwa ndi bolopeni, kosainidwa ndi wogulitsa amene anasamukira ku Mozambique ndi mboni imene inamwalira. Ena alibe n'komwe, amangoti amfumu akudziwa. Amfumu akudziwa, inde, koma amfumu ndi munthu, amadwala, amaiwala, amamwalira, ndipo wolowa m'malo mwao amabwera ndi maso ake. Tamva kangati za poloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu? Tamva kangati za munthu wofika ndi galimoto ndi chikalata chodinda, n'kunena kuti nyumba yanu yalowa m'malire mwake?

Choopsa kwambiri chimabwera tsiku la maliro. Banja la ku Zomba likagulitsa, ana amagawana ndalama kudzera kwa loya. Kwathu kuno, bokosi lisanatsike m'manda, achimwene ake a malemu afika kale kuchokera kumudzi ndi matumba opanda kanthu, maso ali pa wailesi, pa mipando ndi pa makiyi a nyumba. Mai amene anagulitsa mandasi kuti agule malata aja amauzidwa kuti mlamu, inu bwererani kwanu, katunduyu ndi wa m'bale wathu. Ana amasiya sukulu. Nyumba imagulitsidwa mwachangu pa mtengo wa nkhuku, ndalama zimathera m'mabala, ndipo pakatha chaka palibe chooneka. Aliyense wa inu akhoza kutchula benchi ya pamsika imene inatsekedwa chifukwa cha nkhani yotere.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamulo lili mbali ya mai ameneyu. Mu 2011 aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, lolowa m'malo mwa lakale la 1967. Lamulo limeneli limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, limati ziwiya ndi katundu wa m'nyumba atsale ndi wamasiye, ndipo kulanda chuma cha masiye linakuyesa mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nao. Koma lamulo ndi ngati ambulera, imathandiza amene waitenga. Ku khoti adzafunsa umboni, ndipo umboni ndi pepala lomwe lija.

Ndiye tichite chiyani? Sindikunena zoti mulembe ntchito loya wa ku Victoria Avenue. Yambani ndi zimene mungathe. Ngati poloti yanu ili m'dera la khonsolo kapena la Malawi Housing Corporation, pitani mukaone kuti m'mabuku mwao muli dzina la yani. Ambiri adzadabwa kupeza kuti mudakali dzina la munthu amene anawagulitsa zaka khumi zapitazo. Sinthitsani. Malisiti a lendi ya poloti ndi a msonkho wa khonsolo musamakulungire matemba, asungeni m'pulasitiki, ndipo fotokope ina ikakhale kwa m'bale wodalirika kapena ku tchalitchi, chifukwa moto ndi madzi sizisankha. Ngati malo anu ndi a kwa mfumu, dziwani kuti lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti munthu kapena banja lilembetse malo ao m'kaundula. Kafunseni ku ofesi ya malo kwa DC kuti m'dera lanu zafika pati. Ngati munamanga awiri, bambo ndi mai, maina onse awiri alembedwe. Abambo, izi si zochotsa ulemu. Ndi kuteteza ana anu omwe.

Pogula poloti musapereke ndalama pa bala kapena m'minibasi. Pitani pa malopo masana, itanani oyandikana nao mbali zonse, aloze malire pamaso panu. Wogulitsa aonetse chiphaso chake cha unzika, nambala yake ilembedwe pa kalata ya mgwirizano, pamodzi ndi kukula kwa malo, ndalama zimene mwapereka ndi tsiku. Wogulitsa akayamba zoti fulumirani pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyeni wa madzuloyo agule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo lembani wilo. Ndikudziwa, ena mwayamba kale kulavula malovu kuti mwana ameneyu akutiitanira imfa. Pepani akuluakulu, koma chakudza sichiimba ng'oma. Wilo siipha munthu. Ndi kalata yonena kuti nyumba ya ku Chilomoni ndi ya mkazi wanga ndi ana anga awa, benchi ya pamsika apitirize uje. Muisaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu. Kalata ya tsamba limodzi imeneyi yatsekapo pakamwa amalume ambiri olusa.

Mabungwe athu a pamsika nawo ali ndi ntchito apa. Timasonkha za maliro mosavuta, wapampando akangoyenda ndi mbale aliyense amaponya. Bwanji osasonkhanso kuti tsiku lina tiitane wodziwa malamulo kapena wa ku ofesi ya malo adzatifotokozere pa shedi pompano, aliyense atabwera ndi mapepala ake? Munthu mmodzi akapita ku ofesi amauzidwa kuti bwerani mawa. Anthu 50 akapita ndi kalata ya komiti, mpando umapezeka. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa a boma ndi a makhonsolo, mawu ndi ochepa. Malamulo a malo munasintha mu 2016, munakonzanso mu 2022, mpaka munakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu amene si nzika. Zabwino. Koma ngati kulembetsa poloti ya mamita ochepa ku Ndirande kukufuna maulendo khumi, thiransipoti, ndi kena kake ka fanta pa tebulo lililonse, ndiye kuti pepala lidzakhalabe la anthu a kumayadi monga zinalili nthawi ya Johnston. Pa kampeni mumabwera pamsika kudzagula tomato pamaso pa makamera. Bweraninso ndi mafomu.

Nyumba ya ku Zomba ija ipeza wogula, musakayike. Mwina bungwe lina liisandutsa ofesi, mwina wina aisandutsa malo ogona alendo, mwina ndi mwana wa kuno amene wapeza bwino kunja. Tingopempha kuti asagwetse khonde ndi mitengo, chifukwa thukuta la agogo athu lili m'makoma amenewo. Ife tibwerere ku mabenchi athu, koma madzulo ano mukafika kunyumba, musanakhale pa mphasa, tsegulani sutikesi ija muone kuti pepala la nyumba yanu lili ndi dzina la yani. Mukapeza kuti mulibe, Lolemba m'mawa benchi musiyire mwana, inu mulawire ku khonsolo.